Mzungu Wofera pa Khoma la Laimoni

Galimoto ya kanema itachoka m'mudzi mwathu ku Midzemba, m'mawa mwake atsibweni athu a Gerishon anatulukira pakhomo pa mlamu wanga Laimoni, nkhwangwa ili paphewa, ati adzagwetsa nyumba. Mlandu wake unali woti panyumbapo pafera munthu.

Ine Callista ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikupeta nandolo, choncho zimene ndikunenazi sindinachite kuuzidwa ayi. Ndinamva ndi makutu angawa, lichero lili m'manja.

Ndiyambe ndakuuzani za nyumbayo. Mkamwini wanzeru akafika pamudzi amamanga kanyumba kofatsa, kosapitirira ka eni mudzi, kuti anthu amukonde. Laimoni sanachite zimenezo chifukwa palibe anamuuza, ndipo mlamu wanga ameneyu chimene sanauzidwe ndi pakamwa sachidziwa. Ndi munthu uja ankhoswe atamufunsa ngati adzamusunge mng'ono wanga Jessie mpaka imfa, anayankha mwaulemu wake wonse kuti, imfa ya ndani? Ndiye anaumba zidina yekha, kumanga nyumba ya ngodya zinayi, kufolera bwinobwino, kenaka n'kuipaka njereza ngati nyumba zimene anaziona ku boma ku Neno. Inkawala munthu ali kuphiri. Alendo anayamba kulambalala nyumba ya atsibweni n'kumakaodira kwa Laimoni, kufunsa ngati akuluakulu a pano adzuka. Atsibweni, eni mbumba, mkulu wa mpingo, ankaona zonsezi ali pakhonde pawo. Anangosunga, monga amasungira fodya wawo kudenga.

Inali nthawi ya malamulo a boma a malimidwe, njala ya '49 itangodutsa kumene, ndipo kanema wa boma tinali titamuzolowera. Ankabwera kudzatiphunzitsa mizere yopingasa, zimbudzi ndi kusamba m'manja, ngati kuti makolo athu ankadya ndi mapazi. Ulendo umenewu chinsalu chawo chinali chitadyedwa ndi makoswe, ndiye ataona khoma la Laimoni loyera mbee anati basi, pompano. Chitini cha kanema nachonso anali atasokoneza, anatenga cha kumalo kumene azungu amakasangalalira ku Kabula. Womasulira anayesetsa, mwana wa eni ake. Poyamba ankafuula kuti taonani zimene zimamugwera munthu wokana mizere. Koma pakhoma patatulukira bulu wovala magalasi atakhala pampando mu ofesi, womasulira uja anakhala pansi n'kuyatsa fodya.

Kanemayo anali wa anthu opanga kanema. Panali chimzungu chonenepa, ndudu pakamwa, chokalipira aliyense kudzera m'chitini chonga lipenga. Wina ankapukusa bokosi la miyendo itatu. Ndiye panali kamzungu koonda, ka chipewa, kamene ntchito yake inali kuwomberedwa. Mfuti phuu, kamzungu khuu pansi. Amayi a m'mudzi, anthu oleredwa bwino, anayamba kulira maliro pompo. Kamzungu kanadzuka n'kudzisasa fumbi, chimzungu n'kukakalipira, mfuti phuu, khuu pansi. Amayi analiranso, koma mochepako. Pofika pakati mayi wina, a Yunike, anaimirira n'kulengeza kuti iwo misozi yawo satayira munthu wa mitima iwiri, afe kapena akhale. Ena ankaseka, ena ankapemphera, ndipo amuna angapo anazungulira kuseri kwa nyumba kukaona kumene anthuwo akutulukira, n'kukapeza nkhuku za Jessie.

Tsono m'mawa uja Laimoni anali pabwalo akusema mpini. Ataona apongozi ake anaimirira, kuvula chipewa, kuwomba m'manja.

"Mwadzuka bwanji, atsibweni?"

"Tadzuka monga adzukira anamfedwa, akamwini. Tulutsani katundu."

"Wamwalira ndani?"

"Mukufunsa ine? Wafera pakhoma panu."

Laimoni anapita pakhomapo, kuyang'ana kumwamba, kuyang'ana pansi, kusisita ndi chikhatho, mpaka kununkhiza. Anabwera kudzanena kuti palibe magazi, palibe chiboo cha chipolopolo, pali buluzi mmodzi ndipo ali moyo. Atsibweni anamufunsa ngati magazi a mzungu anawaonapo. Iye anati ayi. Anamufunsa ngati akudziwa mtundu wake. Anatinso ayi.

"Nanga pa njereza mungawaone bwanji?" anatero atsibweni, n'kutsitsa nkhwangwa pansi.

Mwambo anaufotokoza pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa kalasi ya ubatizo. Pamene pafera munthu ndi siwa. Siwa sagonamo munthu. Amasasula denga, makoma n'kugwetsa, kuti mzimu usapeze pobwerera. Ndipo iwo, monga munthu wosachedwa pa zinthu za mtundu, anali atatuma kale mawu kwa a Kalisto, mkulu wa adzukulu, kuti dzuwa likangokwera abwere ndi anzawo ndi makasu.

Laimoni anakanda m'mutu n'kukumbutsa kuti tonse pamudzi pano ndife akhristu, ndipo nyumba za anthu omwalira tinaleka kugwetsa kalekale. Anatchulanso kuti agogo athu atamwalira, atsibweni omwewo analowa m'nyumba yawo n'kuisandutsa mosungira mbatata.

"Mpingo unaletsa mowa, mitala ndi gule," anatero atsibweni. "Za nkhwangwa sunanenepo."

"Nanga nyumba ya agogo ija?"

"Amayi anga anamwalira bwino, atatsazika. Uyu anachita kuwomberedwa. Komanso ndi mlendo, mzimu wake sudziwa njira ya kumanda kwathu."

Apa mlamu wanga, m'malo moteteza nyumba, anayamba kudera nkhawa womwalirayo. Anafunsa dzina lake, kwawo, ndi ngati abale ake atumiziridwa uthenga, chifukwa si bwino kuti mayi wa munthu amve za m'njira. Anafunsa kumene kuli mtembo. Atsibweni anati boma launyamula m'chitini, kodi simunaone akutseka? Laimoni anati anaona, koma chitinicho chinali chachikulu ngati mbale yodyera, munthu sangakwanemo. Atsibweni anati anali woonda. Ine kuseri kwa nkhokwe kuja ndinaluma nsalu kuti phwete lisamveke, pamene mtima ukundiwawa, chifukwa m'nyumba yoyerayo Jessie anali atayamba kusisima, ndipo mimba yake inali itafika poti sangawerame kutola chikho.

Kenaka Laimoni ananena mawu amene tonsefe tinkayembekezera. Anati womasulira anamuuza, ponyamula katundu, kuti zimene zija ndi zithunzi, anthu ake ali kwawo kutsidya la nyanja akudya buledi.

Atsibweni anaseka ka m'mphuno.

"Kanema uja anabwera naye ndani?"

"A boma."

"Boma limanama?"

"Sindikudziwa, atsibweni. Sindinachezepo nalo."

"Ndikuuzani ine. Boma silinama. Anationetsa mizere pansalu, mizere sinabwere? Anationetsa munthu wokana mizere akumumanga, a Jimu a pamudzi pano sanamangidwe? Chimene boma laonetsa, chilipo."

"Anationetsanso ntchentche yaikulu ngati mbuzi ikupukuta manja pa chakudya."

"Eya."

"Imeneyo ilipo?"

"Ili ku Kabula."

"Munaiona?"

"Ikubwera. Mizere nayo inayambira komweko."

Laimoni anagwedeza mutu, kuvomera, chifukwa za mizere zinali zoona. Kenaka anafunsa za bulu uja. Paja m'kanemamo munthu aliyense wofuna ntchito ankalowa mu ofesi ya buluyo, kugwada, kupereka mapepala amene walemba, bulu n'kuwayang'ana mozondotsa, n'kuwadya. Akamaliza kudya ankaloza ndi chiboda munthu woti alembedwe ntchito, ndipo nthawi zonse ankaloza mphwake. Laimoni anati iye abulu anawaona ku Chifunga akukoka ngolo, koma wa magalasi sanamuonepo.

"Akamwini," anatero atsibweni mwachisoni, "zikuonetsa kuti inu mu maofesi a m'tauni simunalowemo."

Pamenepo ngakhale ine ndinawavomereza mumtima. Nkhalamba imeneyo inali ndi njiru, koma mutu unkagwira.

Mlamu wanga sanatope. Chinthu chimodzi chimene Mulungu anamupatsa ndi maso, ndipo kanema yense uja anali naye m'mutu monga anamuonera. Anayamba kuyala umboni wake mmodzimmodzi. Anati mvula imene inkagwa pa maliro a m'kanemamo sinali ya kumwamba, inali ya munthu amene anakwera pamakwerero ndi chitini chothiririra mbewu kudimba. Atsibweni anati munthu wotha kugwetsa mvula ya nyumba imodzi yokha, mu Okutobala muno, ndiye woti timuope kwambiri. Anati mwezi unali mbale yomangirira kuchingwe, ndipo unagwera munthu pamutu. Atsibweni anati malodza ndi amenewo, mukufunanso otani? Anati mkazi wa womwalirayo, dona wa tsitsi lopotana uja, misozi inkamukanika mpaka chimzungu chinalamula kuti amuikire anyezi kumphuno.

"Ndiye kulira kuja kunali kwabodza, atsibweni."

"Mwapitako maliro angati, akamwini?"

"Ambiri ndithu."

"Ndiye simudziwa? Anyezi ameneyo ndiye umboni woti anali maliro enieni."

Laimoni anatulutsa umboni umene ankaudalira kwambiri, wa ntchito yake ya umisiri. Anati nyumba za m'kanemamo si nyumba konse. Bokosi lija litazungulira kuseri, tonse tinaona kuti linali khoma lakutsogolo lokha, lochirikizidwa ndi mitengo, kumbuyo kuli tchire. Munthu ankalowa pakhomo n'kutulukira pa udzu. Iye monga mmisiri zinamupweteka mtima. Mudzi wonse uja unali wonamizira.

Atsibweni anawala nkhope ngati awapatsa nkhuku.

"Mwaona? Ngakhale kwawoko anagwetsa kale makoma atatu. Mwambo ndi umodzi dziko lonse."

Ndinafuna kutuluka kuseri kuja ndi lichero langa kuti ndiwafunse atsibweni ngati chimene chikuwawawa ndi mzimu wa mzungu kapena njereza ya mkamwini. Koma ndinali mwana wa mlongo wawo, munda umene ndinkalima anandipatsa ndi iwo, ndipo mkazi sankadumphira nkhani ya amuna. Ndinangopitiriza kupeta nandolo amene anali atayera kalekale.

"Komatu anadzuka," anatero Laimoni.

"Ndani?"

"Womwalirayo. Anadzuka, anadzisasa fumbi, anatola chipewa."

"Munamuona bwino?"

"Ndi maso angawa."

"Wakufa akadzuka timamutcha chiyani, akamwini?"

"Wamoyo."

"Timamutcha mzukwa."

"Anamupatsa tiyi."

"Nsembe imeneyo."

"Anamwa. Anapempha shuga."

"Mizimu ya kwawo ndi yoleredwa motero."

Laimoni anafotokoza kuti monga iye anaonera, kufa inali ntchito ya munthuyo, ndipo chimzungu chinkamukalipira chifukwa sankaidziwa bwino. Pena ankafa msanga mfuti isanalire. Pena ankafa akuyang'ana kolakwika. Pena anafa bwino kwambiri, anthu onse kuwomba m'manja, koma wopukusa bokosi anapezeka ali mtulo, ndiye anamuuza kuti afenso. Ngati ndi ntchito, anatero mlamu wanga, ndiye munthu akaweruka amapita kwawo, sakhala pakhoma la eni ake. Atsibweni anayankha kuti munthu wofa mobwerezabwereza chotero amasiya mizimu yambiri, uliwonse pa imfa yake, ndipo nyumbayo tsopano ndi yodzaza kuposa sitima ya ku Wenela. Anamuthokoza Laimoni powakumbutsa, ati iwo anali atawerengera imfa imodzi yokha.

Mlamu wanga anakhala pansi pa mpini wake uja. Anayang'ana khoma, anayang'ana kumwamba kumene mitambo inali itayamba kusonkhana cha kumapiri, kenaka anayang'ana chitseko chimene kuseri kwake kunali mkazi wake. Atalankhula, mawu anali apansipansi.

"Atsibweni, nyumba iyi zidina zake ndinaumba ndekha, madzi kutunga ndekha kudambo. Jessie watsala pang'ono kuchira. Mvula ili pafupi. Mukagwetsa, mwana wanga akabadwira m'khitchini mwa apongozi. Ndikuopa, ndipo zikundiwawa."

Zinandilowa mpaka m'mafupa. Mwamuna wa chilungamo ngati ameneyo, wosadziwa kunama ngakhale podzipulumutsa, akupempha ngati mwana pamudzi pamene analima minda ya aliyense. Atsibweni anayang'ana kumbali, koma sanafewe. Anati iwonso zikuwawawa, koma mkamwini asamakule mwendo, ndipo za pamudzi pano amadziwa ndi eni ake.

Laimoni anapempha kuti mwina angopala njereza yokhayo, poti munthuyo anagwera pamwamba pake. Akapala mpaka zidina zioneke, n'kukataya phulusalo kumtsinje. Ndinaona atsibweni akumeza mate, chifukwa kupala njereza ndi chimene mtima wawo unkafuna kuyambira tsiku loyamba. Koma anali atapita kale patali, adzukulu atawaitana kale, ndipo a Gerishon chibadwire sanabwererepo m'mbuyo. Anati imfa si utoto ayi, imalowa mpaka m'kati, ngati mafuta a nyali m'thumba la ufa. Chimene yakhudza chakhudzidwa chonse, ndipo kulikonse kumene chalowa chadetsa.

Komabe anafuna kuoneka oweruza achilungamo, poti anali ataona kuti ine ndikumvetsera. Anakhosomola, n'kunena kuti chifukwa cha mwana ali m'mimbayo, imfa zonse zimene munthu uja anadzukapo akuzikhululuka. Sadzaziwerengera. Amene wadzuka wadzuka, apite ndi tiyi wake.

"Koma yomaliza ija, akamwini. Anadzuka?"

Laimoni anaganiza. Ndinapemphera kuti Ambuye, kamodzi kokha, mumupatse bodza munthuyu.

"Sanadzuke, atsibweni."

"Basitu."

"Makina anazima asanadzuke."

"Ndiye nkhani yatha. Ndipo ndikuuzeni chimene inu simunaone, poti munali kumbuyo." Atsibweni anatsitsa mawu, ngakhale ankafuna kuti ndimve. Anati iwo, monga mwini mbumba, sakanalola kuti munthu azingophedwa pamudzi pawo anthu akuseka. Anaimirira, kutenga ndodo yawo, kupita kukhomako kuti akachifunse chimzungu chija kuti chinaleredwa kuti. Atangoyandikira, pakhoma panatuluka chinthu chakuda bii, chachitali mpaka kudenga, n'kumeza kamzungu kaja pamodzi ndi mfuti yomwe. Iwo anachiyang'ana maso ndi maso, osathawa. Chimenecho ndicho chiwanda cha nyumbayi, ndipo chikadali m'zidinamo.

Laimoni anakweza mutu.

"Chinali ndi chipewa?"

"Chinali nacho."

"Ndi ndodo?"

"Yaitali ngati mtanda wa denga. Ine kukweza yanga, icho kukweza yake."

"Makutu otambalala?"

"Mwachionapo eti?"

"Chinali chithunzithunzi chanu, atsibweni. Munaima kutsogolo kwa nyali."

Jessie m'nyumba muja analeka kusisima.

Mlamu wanga sanaseke, ndipo musaganize kuti anatchera msampha. Nzeru zotero analibe. Ankangopitiriza kunena zimene anaona, monga ankachitira kuyambira m'mawa. Anati atsibweni atayang'ana kukhoma, kuwala konse kunagwera pa malaya awo oyera a ku tchalitchi, ndipo kanema anasamukira pamsana pawo. Chimzungu chinali paphewa la kumanja ndi lipenga lake. Kamzungu kanali pakati penipeni, pa fupa la msana. Mfuti inalira cha kukhwapa. Kanagwa chopingasa, mutu kunthiti, miyendo ikuphiriphitha m'chiuno. Anthu anaseka mpaka ena kugubuduka, ndipo mwini makina, poona nkhalamba ikukweza ndodo, anazimitsa n'kuyamba kulongedza.

"Ankaseka imfa ya munthu," anatero atsibweni, mawu atauma. "Anthu opanda chisoni."

"Ankaseka miyendo ija, atsibweni. Inali pamalo posayenera."

Ndikuchitira umboni, ine Callista, kuti zinali momwemo. Palibe anawauza chifukwa palibe ankafuna kulandidwa munda.

Laimoni anaimirira pang'onopang'ono, nkhope ili yogwa kuposa pamene ankalirira nyumba yake.

"Ndiye kuti imfa yomaliza sinali pakhoma langa."

"Dikirani kaye."

"Anafera pa inu."

"Pa malaya. Malaya tingaotche, ndi akalekale."

"Mwati imfa si utoto. Imalowa mpaka m'kati."

"Zidina zimamwa madzi, akamwini. Munthu ali ndi khungu."

"Mafuta a nyali aja mwanena, m'thumba la ufa?"

Atsibweni anapisa dzanja kumsana, kudzikanda, n'kulichotsa msanga. Laimoni anawafunsa mwaulemu ngati atachoka pa kanema anadzera kumtsinje kukasamba. Sanadzereko. Anawafunsa ngati anapita kumanda kukatula. Sanapiteko. Ndiye anapita kuti? Anapita kunyumba kwawo, kulowa pakhomo, kutseka chitseko, kugona pamphasa.

"Chagada kapena chafufumimba?"

"Zimenezo mukufunsiranji?"

"Ngati chagada, ndiye munamugonera."

Laimoni anawomba m'manja mwachisoni, monga tichitira pofika pasiwa. Anati pepani atsibweni, munabereka maliro kumsana, kulowa nawo m'nyumba mwanu, kugona nawo mpaka kucha, azakhali a Constance ali pambali osadziwa kanthu. Anati chimene chamuwawa kwambiri n'choti nyumba ya atsibweni ndi yakale, anabadwiramo ana onse, ndipo khonde lake lili ndi mthunzi wabwino. Misozi inali italengeza m'maso mwake, ndipo panalibe anyezi.

Nthawi yomweyo kumtunda kunamveka makasu akugundana. A Kalisto ndi adzukulu awo anali akutsika njira ya kudambo, akuyenda mwachangu ngati anthu amene auzidwa kuti pakatha ntchito pali mbuzi. Adzukulu mumawadziwa. Akanyamuka ndi makasu sabwerera opanda chogwetsa, ndipo safunsa kawiri.

Laimoni anavala chipewa, n'kutola nkhwangwa ya atsibweni ija.

"Mukupita kuti nayo?"

"Kukawalondolera, angalakwitse nyumba. Inu khalani pansi, anamfedwa sagwira ntchito."

"Akamwini."

"Musadandaule za pogona. Inu ndi azakhali mubwere kuno, m'nyumba muno muli malo. Mphasa ndikuyalirani kuchipinda cha mbewu."

"Akamwini, taimani."

"Tiyambe kusasula mbali iti? Ya kukhonde kapena ya kunkhokwe?"

Atsibweni anadumpha ngati mnyamata, nkhalamba imene inkati maondo sailola kugwada m'tchalitchi. Anagwira mpini wa nkhwangwa ndi manja onse awiri. Anayamba kulankhula mofulumira, akuyang'ana njira ya kudambo. Anati akamwini, munthu wa nzeru zanu, mmisiri womanga nyumba yokongola chonchi, mungakhulupirire zinthu za m'chitini? Simunaone kuti mvula ija inali ya munthu wa pamakwerero? Mwezi unali mbale. Nyumba zinali khoma limodzi. Bulu anayamba liti kuvala magalasi? Kamzungu kaja kali kwawo kakudya buledi, ndipo mawa kakafanso ku Chifunga, mkuja ku Neno, ndiyo ntchito yake. Palibe wafa, palibe siwa, pitani mukawauze a Kalisto kuti uthenga unasokonekera.

Laimoni anamvetsera zonse mpaka kumapeto, nkhwangwa osaisiya. Zinkaoneka kuti akufunitsitsa kuvomera, koma panali chinthu chimodzi chikumuvutabe.

"Komatu kanema uja anabwera ndi a boma, atsibweni. Mwanena nokha kuti boma silinama."

Atsibweni anayang'ana kumtunda, kumene chipewa cha a Kalisto chinali chitatulukira kale pa mtengo wa mango. Anamukokera Laimoni pafupi n'kumunong'oneza, koma ine ndinamva.

"Boma? Mwana wanga, limenelo linayamba liti kunena zoona?"